Galimoto Zamgonagona: Chuma Kapena Zitsulo Chabe?

Kumbuyo kwa nyumba zambiri kuno kunyanja timaonako ziphapha za galimoto zakale zomwe tsopano ndi mogona nkhuku. Zina ndi Peugeot 404 zomwe zinkanyamula nsomba, zina ndi Land Rover zomwe agogo athu ankayendera misewu isanathiridwe phula. Ambiri a ife timangodikira ogula zitsulo zakutha kuti adzatichotsere. Komatu kumayiko a anzathu kuli anthu omwe ntchito yawo ndi kusonkhanitsa galimoto zamgonagona, ndipo ndalama zomwe amalipira nzoti munthu agwire pakamwa.

M'mwezi wa May chaka cha 2022, kampani ya Mercedes-Benz inagulitsa pa okushoni galimoto yake ya 1955 yotchedwa 300 SLR Uhlenhaut Coupé mumzinda wa Stuttgart ku Germany. Mtengo wake unali mayuro 135 miliyoni. Galimoto za mtunduwu anangopanga ziwiri basi. Nayo Ferrari 250 GTO, yomwe anapanga 36 zokha pakati pa 1962 ndi 1964, inkagulidwa madola 18,000 ku America ili yatsopano, koma m'chaka cha 2018 imodzi inagulidwa madola oposa 48 miliyoni.

Tsono tisafulumire kuganiza kuti ukalamba pawokha ndiwo mtengo. Bungwe loona za galimoto zakale padziko lonse la FIVA limawerengera galimoto m'gulu la zakale ikakwanitsa zaka 30, koma zimenezi sizikutanthauza kuti yasanduka golide. Ford Model T ndi yakale kuposa Ferrari ija, popeza inkapangidwa kuyambira 1908 mpaka 1927. Koma poti anapanga zoposa 15 miliyoni, mtengo wake ngwochepa kwambiri poyerekeza. Chimodzimodzinso Volkswagen Beetle, kachikumbu kaja, komwe anapanga zoposa 21 miliyoni mpaka chaka cha 2003.

Nanga ogulawo amayang'ana chiyani? Choyamba ndi kusowa: zinapangidwa zingati, ndipo zatsala zingati. Chachiwiri ndi mbiri: anayendetsa ndani, nanga inapambanapo mpikisano wanji. Chachitatu ndi chakuti galimotoyo ikhale monga inatulukira ku fakitale. Amafananitsa nambala ya injini ndi ya chasisi ndi zolembedwa m'mabuku a kampani yomwe inapanga. Ngati makaniko anaikamo injini ya galimoto ina, mtengo umatsika ngakhale galimotoyo ikuyenda bwino. Chachinayi ndi mapepala osonyeza eni ake onse kuyambira woyamba.

Nkhani ya ku France imatsimikiza zimenezi. Bambo wina wa bizinesi ya mtengatenga, Roger Baillon, anasonkhanitsa galimoto zambiri, koma bizinesi itagwa zotsalazo zinakhala m'zisakasa zaka zambirimbiri zikudyedwa ndi dzimbiri. Zinatulukira m'chaka cha 2014, pafupifupi 60. Pa okushoni ya ku Paris m'mwezi wa February 2015, Ferrari imodzi yomwe anaipeza itakwiririka ndi milu ya magazini inagulidwa mayuro oposa 16 miliyoni. Inali yafumbi, koma inali yosowa, yosasinthidwa, komanso inakhalapo m'manja mwa katswiri wa mafilimu Alain Delon.

Komabe akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Malonda amenewa agwetsapo anthu. Enzo Ferrari atamwalira m'chaka cha 1988, mitengo ya galimoto zake inakwera mosaneneka, ndipo anthu ambiri anatenga ngongole kubanki nkugula poganiza kuti mawa adzagulitsa mowirikiza. Pofika 1991 msika unali utagwa. Iwo anatsala ndi ngongole pamodzi ndi galimoto zomwe palibe ankazifuna pa mtengo womwe anagulira.

Kulinso nkhani ya pachibale awiri, Hans ndi Fritz Schlumpf, eni mafakitale a ulusi ku Mulhouse m'dziko la France lomwelo. Iwo anagula mwachinsinsi galimoto zoposa 400, mwa izo Bugatti zoposa 100. M'chaka cha 1976 mafakitale awo anagwa, anthu nkuchotsedwa ntchito, eni akewo nathawira ku Switzerland. Chaka chotsatira antchito analowa m'nyumba yosungiramo galimotozo nailanda. Lero malowo ndi nyumba ya mbiri yomwe aliyense amakaona. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tiyeneranso kukumbukira kuti galimoto yosungidwa sibala ngati mbuzi, koma imadya. Imafuna denga, inshuwalansi, penti ndi masipeya omwe mwina anasiya kupangidwa kalekale. Kuno kwathu chinyezi ndi mvula zimabweretsa dzimbiri, ndipo dzuwa limang'amba matayala ndi mipando.

Kodi ife zikutikhudza bwanji? Sitikunena kuti pali Ferrari yobisika ku Makanjira kapena ku Nkhotakota ayi. Koma Land Rover zoyambirira, zomwe zinayamba kupangidwa m'chaka cha 1948, ndi Toyota Land Cruiser FJ40 zimafunidwa ndi osonkhanitsa ku South Africa, ku Ulaya ndi ku America. Choncho tisanaitane wogula zitsulo, tiyambe tafufuza.

Tipeze kachitsulo kolembedwa nambala ya chasisi ndipo tisakachotse. Tisunge bulubuku ndi malisiti onse akale. Tisathamangire kupaka penti kapena kudula bodi kuti tipangire ngolo. Tiikweze pa njerwa pansi pa denga. Wina akabwera ndi ndalama m'manja akutifulumizitsa, tifunse kaye mitengo kwa anthu awiri kapena atatu odziwa. Tidziwenso kuti kukonza chiphapha chodyeka ndi dzimbiri nthawi zambiri kumadya ndalama zoposa zomwe tingadzapeze pogulitsa, motero tisakhudze fizi ya ana kapena mpamba wa bizinesi kaamba ka maloto amenewa.

Chachikulu koposa, abale ndi alongo, ngati mwini galimotoyo anatisiya, chimenecho ndi chuma cha masiye. Mwana mmodzi kapena malume asagulitse payekha mwakachetechete. Banja lonse likhale pansi, mayi wamasiye alipo, mtengo udziwike kwa onse, ndipo aliyense alandire gawo lake. Ndalama za chitsulo zimatha msanga, koma udani wa pachibale woyambira pa chuma umafika mpaka kwa zidzukulu.