Kalata imene idagwedeza boma la Kamuzu

Ena amati mpingo uzingolalikira za kumwamba, ndale uzisiyira andale. Ine sindivomereza zimenezo, ndipo umboni wanga ndi zomwe zidachitika pa 8 Malichi 1992.

Lamulungu limenelo, loyamba m'nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'Malawi muno mudawerengedwa kalata ya maepiskopi. Idadandaula za malipiro ochepa, zipatala zodzaza odwala, anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndiponso mantha amene adatseka anthu pakamwa. Masiku amenewo munthu ankayamba wacheukacheuka asanatchule dzina la Kamuzu, ngakhale m'nyumba mwake momwe.

Maepiskopi sadaimire chipani chilichonse. Mfundo yawo idali yakuti munthu adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, choncho ulemu wake sachita kupatsidwa ndi boma, ndipo boma silingamulande. Amene amathamangira ku Aroma 13 kuti tizingomvera olamulira amaiwala kuti mutu womwewo umamutcha wolamulirayo mtumiki. Mtumiki akalakwa amafunsidwa. Natani adamuloza chala Davide, mfumu yodzozedwa.

Boma lidalusa. Lidalengeza kuti kupezeka ndi kalatayo ndi mlandu woukira, apolisi adapanikiza maepiskopi ndi mafunso ku Blantyre, malo osindikizira a Montfort ku Balaka adatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko. Komabe ophunzira a ku Chancellor College adalowa mumsewu, mipingo ina nayo idayamba kulankhula, mpaka pa 14 Juni 1993 Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri.

Inu abusa amene lero mumakhala chete chifukwa cha envulopu ya andale, kaiwerengeninso kalata ija.