Mayi Akachira, Asaleke Kuyezetsa Kuthamanga kwa Magazi

Mayi woyembekezera akapita ku sikelo pachipatala cha Lifuwu, anamwino amamuyeza kuthamanga kwa magazi. Koma akachira, maso onse amatembenukira kwa khanda, ndipo amayi ambiri amatha zaka osayezedwanso.

Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mu 2009 mogwirizana ndi bungwe la WHO adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno ali ndi vutoli, ndipo ambiri sankadziwa. Nthendayi sichenjeza. Munthu amalima mpunga, kutunga madzi ndi kuyanika usipa monga mwa nthawi zonse, mtima ukulema pang'onopang'ono, mpaka tsiku lomwe adzafa ziwalo mbali imodzi kapena kuyamba kutupa miyendo.

Amayi ali ndi chenjezo lomwe abambo alibe. Ngati magazi adathamanga kwambiri pa nthawi ya pakati, makamaka ngati nkhope ndi manja zidatupa kapena mayiyo adakomoka, chiopsezo cha matenda a mtima chimakhala chachikulu m'zaka zotsatira, ngakhale mwana atabadwa bwinobwino. Mayi wotere asunge buku lake la kuchipatala, azilionetsa kwa achipatala, ndipo aziyezetsa kamodzi pachaka kapena kuposa apo. Chiopsezochi chimakweranso mayi akasiya kusamba. Muyeso ukamafika 140/90 kapena kupitirira mobwerezabwereza, pamafunika chithandizo, ndipo mankhwala ake sasiyidwa chifukwa choti munthu wayamba kupeza bwino.

Mtima ukadwala, si nthawi zonse pamene mayi amamva kupweteka pachifuwa. Ena amangobanika, kutopa modabwitsa, kuchita nseru kapena kumva ululu kumsana ndi m'nsagwada. Zoterezi n'zosavuta kuziyesa malungo kapena kutopa kwa kumunda, ndipo tikudandaula kuti mabanja ena amayamba adikira kuti kuche. Wodwala wotere apite naye kuchipatala msanga. Pakafunika, amatumizidwa kuchipatala chachikulu cha Salima kapena cha Kamuzu Central ku Lilongwe.

Kukhitchini nakonso kuli mbali yake. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi. Muyesowu ukuphatikiza mchere wa m'nsomba zoumitsidwa ndi mchere, ndipo soda wothira m'therere nayenso amachita m'thupi zomwe mchere umachita.