FIBRA YAFIKA PAKHOMO, KOMA NTHAMBO YA M'NYUMBA IKUBWEZA M'MBUYO

ULÓNGUÈ — Nthambo yakuda imene yapachikidwa pa mapolo m'mbali mwa misewu yambiri ya chigawo cha Tete si ya magetsi ayi. Dzina lake ndi fibra. M'kati mwake muli timaulusi ta galasi, toonda ngati tsitsi la munthu, ndipo uthenga umayendamo ngati kuwala. Ndiyo imene imanyamula mawu, zithunzi ndi ndalama za pa foni kuchokera ku nsanja za m'maboma kupita ku mizinda.

Akuluakulu a m'malire muno akukumbuka kumene zinthu zachokera. Pamene nkhondo inatha mu 1992, uthenga wa maliro unkayenda pa wailesi kapena m'thumba la dalaivala. Mcel inayamba mu 1997, Vodacom mu 2003. Mu 2009 nthambo ya pansi pa nyanja ya SEACOM inafika ku Maputo. Mu 2012 kunabwera Movitel, mogwirizana ndi Viettel ya ku Vietnam, ndipo inamwaza fibra m'maboma akutali. TDM ndi mcel zinaphatikizana kukhala Tmcel, ndipo mu 2023 nthambo ina ya m'nyanja, 2Africa, inatulukira ku Maputo ndi ku Nacala.

Poyamba fibra inkathera pa nsanja ndi m'maofesi. Tsopano ikulowa m'nyumba za anthu, kuyambira m'mizinda ngati Tete, kumene ambiri a kuno ali ndi ana ndi abale. Nkhaniyi ikukhudzanso mwini banka yojambula mapepala pa vila, mphunzitsi amene akuchita maphunziro a patali, ndi wamalonda a mbatatesi amene wamanga nyumba ya njerwa ndipo akufuna kuti ana ake aziphunzira pa kompyuta. Onsewa angagwe m'mbuna imodzi: kulipira mameticais ochuluka mwezi ndi mwezi pa liwiro limene silifika pa kompyuta yawo.

Zimachitika chonchi. Tekiniko wa kampani amabwera, amalowetsa fibra pa khoma, n'kuilumikiza ku kabokosi kotchedwa ONT. Kabokosika kamasandutsa kuwala kukhala uthenga wa magetsi. Udindo wa kampani nthawi zambiri umathera pamenepo kapena pa router imene yapereka. Kuchokera apo, uthenga umayenda pa nthambo ya kopa, imene m'masitolo amati cabo de rede, kapena pa Wi-Fi. Zimenezo ndi za mwininyumba.

Alimi a m'madimba angamvetse msanga. Mtsinje ungakhale wodzadza, koma ngati paipi yopita ku dimba ili yaing'ono, madzi ofika pa kabichi ndi a muyeso wa paipiyo basi. Munthu akalipira mamega 300, koma pakati pa ONT ndi kompyuta pali chipangizo chimodzi chokha cha mamega 100, iye adzaona 94 kapena 95, osapitirira. Otsalawo walipira mphepo. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Nambala ya 94 imeneyi ndi mboni yabwino. Munthu akayesa liwiro kangapo, usana ndi usiku, n'kumapeza 94 yemweyo, kawirikawiri vuto si la kampani. Vuto lili m'nyumba, ndipo limabisala malo atatu.

Malo oyamba ndi nthambo yeniyeniyo. Cabo de rede yabwino ili ndi timawaya 8, topotana tiwiritiwiri. Njira ya mamega 100, imene inakhazikitsidwa mu 1995, imagwiritsa timawaya 4 tokha. Njira ya mamega 1.000, yotchedwa gigabit, inabwera mu 1999 ndipo imafuna tonse 8. Kawaya kamodzi mwa tinayi towonjezerato kakaduka, kapena kakapanda kugwira bwino m'mutu mwa nthambo, intaneti siizima. Zipangizo zimangogwirizana mwakachetechete kutsikira pa 100, osauza munthu. Ichi ndicho chimapusitsa ambiri, chifukwa zonse zimaoneka kuti zikuyenda.

Palinso nthambo zotchipa zimene zinapangidwa ndi timawaya 4 kuchokera ku fakitale. Kuzizindikira n'kosavuta. Mutu wa nthambo, umene amautcha RJ45, ndi wa pulasitiki woonekera. Munthu aunyamule pa dzuwa, awerenge timawaya ta mitundumitundu tili m'katimo. Akapeza 4, nthamboyo aisiye m'sitolo momwemo.

Pa khungu la nthambo pamalembedwa mtundu wake. Cat5 ndi yakale, ndipo siyodalirika pa gigabit. Cat5e imanyamula mamega 1.000 mpaka mtunda wa mamita 100. Cat6 imachita chimodzimodzi, ndipo ingafike pa mamega 10.000 ngati mtunda sukupitirira mamita 55. Ogulitsa ena amakokera anthu ku Cat7 ndi Cat8, ati ndizo zamakono. Pa nyumba ya banja kapena banka yaing'ono, kumeneko ndi kutaya ndalama. Cat5e yeniyeni ikukwana, ndipo amene akuikiratu nthambo m'khoma la nyumba yatsopano angasankhe Cat6 kuti asadzagumulenso simenti.

Mawu akuti yeniyeni ndi ofunika. Pamsika pali nthambo zolembedwa Cat5e kapena Cat6 koma m'kati mwake ndi aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba. Zina zimalembedwa CCA pa katoni, zina sizinena. Zimathyoka msanga, ndipo pa mtunda wautali zimafooka. Wogula apemphe kachidutswa, apale kawaya kamodzi ndi mpeni. Kopa weniweni amakhala wofiirira mpaka m'kati. Wonamizira amayera akangopalidwa.

Malo achiwiri ndi timabowo tolowetsamo nthambo. Router yakale imene inkagwira ntchito bwino zaka zapitazo ingakhale ndi timabowo ta 10/100. Chimodzimodzi switch, kabokosi kogawira nthambo ku makompyuta angapo. Pansi pa chipangizo kapena pa katoni pamalembedwa. Chofunika ndi 10/100/1000, kapena mawu akuti Gigabit, kapena zilembo GE. Pamene palembedwa FE kapena Fast Ethernet, munthu asanyengeke ndi dzina: imeneyo ndi 100 yomwe ija. Switch imodzi yakale yoiwalika kuseri kwa kabati imatsitsa makompyuta onse olumikizidwa kwa iyo.

Malo achitatu ndi kompyuta. Zina zogulidwa pa kaunjika zili ndi kabowo ka 100, ndipo zamakono zoonda zilibiretu kabowo. Mankhwala ake ndi kachipangizo ka USB kokhala ndi kabowo ka gigabit, koma kalowe pa USB 3.0, imene nthawi zambiri imakhala ya buluu m'kati. Ma TV ambiri, ngakhale atsopano, alinso ndi kabowo ka 100. Pamenepo palibe chodandaulitsa, pakuti kanema ngakhale woyera kwambiri safuna liwiro lofika pamenepo.

Wina angafunse: nanga nthambo n'zachiyani pamene Wi-Fi ilipo? Wi-Fi ndi wailesi, ndipo aliyense wa kuno akudziwa mmene wailesi imachitira kuseri kwa phiri. Khoma la njerwa zootcha limaifooketsa, malata amaitchinga. Ya 5 GHz imathamanga koma siipita patali. Ya 2,4 GHz imafika patali koma imachedwa, ndipo m'malo a nyumba zothithikana imasokonezana ndi ya aneba. Mafoni onse a m'nyumba amagawana mpweya umodzi, ngati anthu olankhula pa bwalo mmodzimmodzi. Choncho chilichonse chimene sichisuntha, monga kompyuta ya pa tebulo, makina osindikizira ndi TV, ndi bwino chikhale pa nthambo, Wi-Fi itsalire mafoni. Chipinda chakutali chikavuta, njira yolimba ndi kukokerako nthambo n'kuikako router yachiwiri.

Kusiyana kwake kumaoneka pa ntchito. Mamega a kampani ndi ma megabit, pamene kukula kwa fayilo kumawerengedwa mu ma megabyte, ndipo byte imodzi ndi ma bit 8. Fayilo ya giga imodzi imatenga pafupifupi mphindi imodzi ndi theka pa mamega 94. Pa mamega 300 siifika theka la mphindi. Kwa wojambula maukwati amene amatumiza makanema tsiku ndi tsiku, nthawi imeneyo ndi ndalama. Koma banja limene limangoimba WhatsApp kwa mwana ali ku Joni ndi kuonera mpira madzulo silidzaona kusiyana kulikonse. Banja lotere lisavutike kusintha zipangizo. Lingotenga phukusi laling'ono, ndalama zotsala zigule feteleza.

Kaikidwe ka nthambo nako kali ndi malamulo ake, ndipo ena ndi a kuno kwenikweni. Makoswe a kudenga amakonda kutafuna pulasitiki. Dzuwa limaumitsa khungu la nthambo yopangidwira m'nyumba mpaka lisweke. Ndi chifukwa chake nthambo iyenera kuyenda m'paipi, isakhomedwe ndi misomali yopinda, isathyoledwe pa ngodya, ndiponso isamangidwe pamodzi ndi waya wa magetsi mtunda wautali. Kupitirira mamita 100 pamafunika switch pakati.

Choopsa kwambiri pa mapiri a Angónia ndi Tsangano ndi mphenzi za nthawi ya dzinja. Fibra siinyamula magetsi, choncho mphenzi siilowera mmenemo. Koma nthambo ya kopa yokokedwa panja, kuchokera ku nyumba yaikulu kupita ku banka kapena ku nyumba ya mwana, imatha kutenga mphamvu ya mphenzi yogwa chapafupi n'kuotcha router ndi kompyuta mbali zonse ziwiri. Pakati pa nyumba ziwiri, njira yabwino ndi kachidutswa ka fibra kokhala ndi kabokosi kosinthira uku ndi uku. Amene sangakwanitse, azule nthamboyo mitambo ikayamba kuda. Ndipo amene akuganiza zokokera nthambo kwa aneba kuti azisonkherana, ayambe wawerenga pangano lake ndi kampani, chifukwa mapangano ambiri a pa nyumba salola kugulitsa.

Kanthambo ka fibra kolowa mu ONT, kamene nthawi zambiri kali ndi mutu wobiriwira, kasakhudzidwe. Kakapindidwa kwambiri galasi limathyoka, ndipo silimangika ndi manja ngati waya wa njinga. Fumbi pang'ono pa nsonga limatseka kuwala. Ana asasuzumiremo: kuwala kwake sikuoneka ndi maso, koma kungathe kuwavulaza. Magetsi a EDM akazima, ONT ndi router nazo zimazima ngakhale fibra ili bwinobwino. Zambiri zimadya mavoti 12 okha, ndipo kabatire kaang'ono kapena ka sola kamazisunga maola angapo, bola munthu ayambe waona nambala yolembedwa pa chaja yake.

Tsiku limene tekiniko wabwera, mwininyumba asasaine pepala asanaone liwiro ndi maso ake. Kompyuta ya kabowo ka gigabit ilumikizidwe ndi nthambo yaifupi ya timawaya 8 mwachindunji ku bokosi la kampani, Wi-Fi izimitsidwe, ndipo liwiro liyesedwe. Pa njira ya mamega 1.000, kuona 940 ndi kwabwino, chifukwa ena amapita ku kayendetsedwe ka uthengawo. Nambala ikakhala yotsika kwambiri poyerekeza ndi ya pa pangano, ngakhale pa mayeso otere, mlandu ndi wa kampani. Munthu alembe tsiku, ola ndi nambala imene wapeza, akadandaule ku ofesi yawo. Akapanda kuthandizidwa, bungwe la boma loyang'anira makampani a mauthenga ndi INCM, ndipo limalandira madandaulo a anthu olipira.