Liwiro Lapadera la Kompyuta: Nthawi Yolilola ndi Nthawi Yoliletsa

Lero sitikamba za mizere kapena za nkhokwe ayi. Tikamba za kompyuta, pakuti masiku ano makalabu ena a alimi ali nayo yolemberamo mayina a mamembala, makilogalamu a mbewu zogulitsa ndi ngongole za feteleza. Kumene kulibe magetsi a m'mawaya, kompyutayo imadalira batire ndi sola, ndipo batire ikatha mlembi asanatsirize, anthu amene anayenda mtunda wautali amabwerera kwawo chimanjamanja. China mwa zinthu zimene zimadya batire ndi kutenthetsa makinawa ndicho liwiro lapadera limene pa Chingerezi amati boost. Tcherani khutu kuti mudziwe kuti liwiro limeneli nchiyani, ndiponso mmene mwini makina angalilolere kapena kuliletsa.

Purosesa ndi maliwiro ake awiri

M'kati mwa kompyuta muli kachipangizo kosaposa bokosi la machesi kotchedwa purosesa, ndipo ndiko kamene kamawerengera zonse. Purosesa imagunda monga mtima, koma mofulumira kwambiri. Ikagunda ka 1,000,000,000 pa sekondi imodzi, amati ikuyenda pa 1 GHz.

Tsono mapurosesa ambiri a masiku ano ali ndi maliwiro awiri. Titenge chitsanzo cha Intel Core i5-8250U, imene inatuluka m'chaka cha 2017 ndipo ili m'makompyuta ambiri a m'manja. Liwiro lake la masiku onse ndi 1.6 GHz, ndipo ikhoza kuyenda nalo tsiku lonse ngati ikuzizira bwino. Liwiro lake lapadera limafika 3.4 GHz, koma ilo sililonjezedwa tsiku lonse. Kampani ya Intel inayamba njira imeneyi m'chaka cha 2008 niitcha Turbo Boost, ndipo kampani ya AMD inatsatira m'chaka cha 2010 ndi yake yotchedwa Turbo Core.

Kodi liwiro lapaderali lichokera kuti? Purosesa tatchulayi ili ndi magawo 4 ogwira ntchito, ndipo onsewo anawayesera chakudya chimodzi, ndicho mawati 15 a magetsi. Gawo limodzi likamagwira ntchito ena atatu akupumula, ilo likhoza kudya gawo la anzake ndi kuthamanga kwambiri. Ndiponso chitsulo chikadali chozizira, magawo onse akhoza kupyola muyezo kwa kanthawi, kufikira chitsulocho chitatentha.

Inu amene muli ndi ngolo mukuzidziwa bwino izi. Ng'ombe zili ndi mayendedwe ake amene zikhoza kuyenda nawo kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litakwera. Pa kachitunda mumazifulumiza kuti ngolo ikwere msanga, ndipo palibe choipa. Koma mukazifulumiza njira yonse, zimayamba wefuwefu, ndipo zimadzichepetsera zokha liwiro ngakhale muzikalipire chotani.

Mtengo wa kuthamanga

Liwiro lapadera si laulere. Kuti purosesa igunde msanga, ifunika magetsi okankhidwa mwamphamvu, ndiko kuti volteji yokwera. Magetsi amene purosesa imadya amakula pamodzi ndi liwiro, koma amakula koposa chifukwa cha volteji, pakuti volteji ikachuluka kawiri magetsi odyedwa amachuluka kanayi. Chifukwa chake liwiro la pamwamba ndilo lodula koposa lonse. Magetsi onsewo amasanduka kutentha. Ndi chifukwa chake mumamva fani ikulira ndi kompyuta ikutentha pa miyendo.

Musaope kuti boost iwotcha makina anu. Purosesa imadziyesa yokha kutentha kwake, ndipo imene tatchulayi ikayandikira madigiri 100, pamene madzi amawira, imadzichepetsera liwiro. Chimene chimatayika ndi batire, osati purosesa.

Kapitawo wa makina

Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu yoyang'anira mapulogalamu ena onse, ndipo phata lake amalitcha kernel. Kernel ndiye kapitawo: amagawa ntchito, nauza purosesa liwiro loti iyendere. Lero tikamba za kernel yotchedwa Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba m'chaka cha 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Makompyuta a Windows ali ndi njira zawozawo.

Mu Linux muli gawo lotchedwa cpufreq, ndipo m'gawomo muli malamulo osankhira liwiro amene amati governor. Dzinali ndi lomwe lija la gavana wa injini ya chigayo, amene amawonjezera mafuta chimanga chikachuluka, nawachepetsa chimanga chikatha. Gavana wotchedwa performance amapempha liwiro la pamwamba nthawi zonse. Wotchedwa ondemand ndi wina watsopano wotchedwa schedutil, amene analowa m'chaka cha 2016, amayamba aona kukula kwa ntchito, ndiyeno nkusankha liwiro.

Koma pa nkhani ya boost, kapitawo salamula zonse. Iye amangopereka chilolezo kapena kuchimana. Chilolezo chikaperekedwa, purosesa yokha ndiyo imaona kutentha kwake, magetsi amene alipo ndi magawo amene akugwira ntchito, nisankha pofika. Chilolezo chikamanidwa, siipyola liwiro lake la masiku onse.

Kutsegula ndi kutseka kwake

Mawu awa ndi a inu alembi a makalabu, ndipo ndi bwino muwalembe m'buku. Chilolezo chija chimasungidwa m'kafayilo kamene muli nambala imodzi yokha. Pa makompyuta ena kafayiloko ndi aka:

/sys/devices/system/cpu/cpufreq/boost

Mukapezamo 1, boost ndi yololedwa. Mukalembamo 0, mwailetsa. Koma pa makompyuta ambiri a Intel kafayilo kameneka simukapeza, pakuti liwiro limayendetsedwa ndi pulogalamu ina yotchedwa intel_pstate. Pamenepo funani aka:

/sys/devices/system/cpu/intel_pstate/no_turbo

Chenjerani pano, pakuti manambala ake ndi otembenuka. Dzina lakuti no_turbo litanthauza kukana, kotero 1 ndiye kuletsa, ndipo 0 ndiye kulola. Munthu amene sanamvetse ichi akhoza kuletsa liwiro pamene iye akuti walitsegula.

Aliyense akhoza kuwerenga nambalayo, koma woisintha ndi yekhayo amene ali ndi mawu achinsinsi a woyang'anira kompyuta. Kuti aletse boost pa makina a intel_pstate amalemba motere:

echo 1 | sudo tee /sys/devices/system/cpu/intel_pstate/no_turbo

Mukazimitsa kompyuta ndi kuiyatsanso, nambala imabwerera mwakale, kotero mukalakwitsa simunawononge kanthu. Ngati nambala ikukana kusintha, mwina boost inatsekedwa kale m'malamulo oyambira a makina amene amati BIOS, ndipo pamenepo funsani mmisiri.

Mafoni a Android nawonso ali ndi kernel ya Linux m'kati mwake, koma opanga mafoni anatseka mafayilo otere. Inu a mafoni gwiritsani ntchito batani losungira batire, pakuti pa mafoni ena limachepetsanso liwiro la purosesa.

Tiletse liti, tilole liti?

Choyamba, letsani pamene mukudalira batire ndipo ntchito ndi yolemera ndi yaitali, monga kuonetsa anthu kanema wa zaulimi kapena kukonza zithunzi zambiri. Ntchito idzayenda pang'onopang'ono, koma kawirikawiri batire idzakhalitsa. Paja akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Chachiwiri, letsani m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala ngati fani ikulira kosalekeza. Koma yambani mwaona ngati timabowo ta mphepo tatsekeka ndi fumbi kapena gaga, ndipo musaike kompyuta pa thumba, pa bulangete kapena padzuwa. Iikeni pa thabwa, pamthunzi.

Chachitatu, letsani pamene mukuyesa mapulogalamu awiri kuti muone lofulumira ndi liti. Boost ikakhala yotsegula, limene mwayamba kuyesa makina akadali ozizira lidzapambana mopanda chilungamo. Nchimodzimodzi kuyesa mbewu ziwiri, ina padambo ina pamchenga.

Koma musaganize kuti kuletsa nkwabwino nthawi zonse. Pa ntchito zing'onozing'ono, monga kutsegula fayilo kapena kuwonkhetsa manambala, purosesa imathamanga kamphindi nkugona, ndipo pogona imadya magetsi ochepa kwambiri. Pamenepo kuletsa boost kukhoza kungochedwetsa mlembi osapulumutsa batire kwenikweni. Ndipo ngati magetsi alipo okwanira ndi nyumba ili yozizira, isiyeni yotsegula monga anaikonzera eni ake.

Njira yodziwira zoona ndi yomwe ija ya munda wachitsanzo. Dzazani batire, gwirani ntchito ya masiku onse boost ili yotsegula, ndi kulemba maola amene batire yakhala. Tsiku lina dzazaninso, letsani boost, gwirani ntchito yofanana, ndi kulembanso maola. Chitani chotero kangapo, ndipo buku lanu lidzakuuzani chimene chiyenera makina anu.

Mawu kwa mafumu ndi makomiti

Ndalama zogulira kompyuta ya kalabu ndi thukuta la anthu anu. Wogulitsa akakuuzani kuti makina ake amafika 3.4 GHz, mufunseni kuti, "Kodi limeneli ndi liwiro la masiku onse kapena ndi la boost?" Funsani manambala onse awiri, funsaninso maola amene batire imakhala. Munthu sagula ng'ombe yolimira chifukwa choti waiona ikuthamanga pa dibi.

Kenaka sankhani munthu mmodzi wokhulupirika woti asunge mawu achinsinsi, ndipo chilichonse chimene wasintha achilembe m'buku la kalabu pamodzi ndi tsiku lake, kuti mlembi wobwera pambuyo pake asadzadabwe kuti makina akuchedwa chifukwa chiyani. Amene sanamvetse afunse mlangizi kapena mmisiri wa makompyuta amene ali naye pafupi.