Pamene Ticereza Alendo pa Malo a Mapemphero

Caka ciliconse mipingo yathu ya ku Matero, Chawama, Mtendere ndi George imabwereka mabasi kupita ku misonkhano ya misasa, ku mapiri a mapemphero, kapena ku malo akale monga Magwero kufupi ndi Chipata, kumene mishoni ya Dutch Reformed inayamba mu 1899. Nthawi zina ndife timalandira anzathu. Pokonzekera timaganizira kwambiri za mlaliki, makwaya ndi zokuzira mau. Koma mlendo akabwerera kwao amakumbukiranso ngati anapeza madzi akumwa, cimbudzi caukhondo ndi pogona.

Zimenezi zimakhudza moyo weniweni. Pa 6 March 2017, anthu 8 anafa pa Olympic Youth Development Centre muno mu Lusaka, pamene khamu linapanikizana polowa ku mapemphero kumene kunali kugawidwanso cakudya. Anthu ambiri akathamangira khomo limodzi, a kumbuyo saona kuti kutsogolo wina wagwa, ndipo amapitiriza kukankha.

Kolera nayo imafalikira msanga pamene anthu aunjikana. Mu January 2018 boma linaletsa misonkhano, kuphatikizapo mapemphero a m'macalici, m'madera amene matendawa anakula, monga Kanyama. Kumeneko madzi a pansi pa nthaka ali pafupi, motero mvula ikagwa, zonyansa za m'zimbudzi zokumba zimalowa m'zitsime zosazama. Mu 2024 Heroes Stadium inasanduka cipatala ca odwala kolera.

Baibulo silinyalanyaza nkhaniyi. Deuteronomo 23 inalamula Aisiraeli kupatula malo odzithandizira kunja kwa msasa, ndipo pa Marko 6 Yesu anakhazika khamu m'magulu asanaligawire mkate.

Conco, tisanaitane anthu, komiti iwerenge amene malowo angakwanitse kulandira. Pakhale makomo olowera ndi otulukira osiyana, ndipo asakhomedwe. Madzi akumwa athiridwe klorini, ndipo pa cimbudzi ciliconse pakhale madzi ndi sopo. Azimai akhale ndi zimbudzi zao zokhala ndi zitseko ndi nyali usiku. Okalamba ndi olumala tiwapatse malo pafupi ndi khomo. Apolisi ndi kiliniki ya pafupi tiwadziwitse pasadakhale.

Msonkhano ukatha, tifunse alendo comwe cinawavuta, makamaka azimai a ana ang'ono, ndipo mayankho ao alembedwe kuti komiti ya caka camawa iyambire pamenepo. Ndalama za zimbudzi ndi madzi zilowe mu bajeti poyamba, osati zikatsalako.