Kodi chipatala chizilipidwa poona chiyani?

Amayi anzanga, ambiri mwa inu mudalembapo waganyu kumunda. Mukapangana naye kuti muzimulipira pa mzere uliwonse, iye amathamanga kuti mizere ichuluke, udzu wina n'kumangoukwirira pamwamba. Sabata isanathe udzu uja wameranso. Vuto lomweli limapezekanso pa kalipiridwe ka zipatala.

M'maiko ambiri boma kapena kampani ya inshuwalansi imalipira chipatala powerenga ntchito: odwala angati aonedwa, maopaleshoni angati achitika. Wodwala akabwerera chifukwa sadachire, chipatala chimalandiranso ndalama. N'chifukwa chake maiko ena adayamba kulipira poona ngati chithandizocho chamuthandizadi munthu. Ku America, kuyambira m'chaka cha 2012, inshuwalansi ya boma yothandiza okalamba yotchedwa Medicare imadula malipiro a chipatala ngati odwala ake ambiri a mtima kapena chibayo akugonekedwanso masiku 30 asanathe.

Mwina mukufunsa kuti, "Nanga ife zikutikhudza bwanji, poti kuchipatala cha boma sitilipira?" Zidatikhudzapo kale. Kuyambira mu 2013 mpaka mu 2018, Unduna wa Zaumoyo, ndi thandizo la maiko a Norway ndi Germany, udayesa njira imeneyi m'zipatala zina za m'maboma a Balaka, Dedza, Mchinji ndi Ntcheu. Oyendera ankabwera kudzaona kaundula ndi chipinda chochilira. Kodi mzamba ankalemba pa tchati m'mene matenda akuyendera mayi ali pakati pochira? Kodi mayi adabayidwa jakisoni woletsa kutaya magazi mwana atangobadwa? Kodi mankhwala ndi zida zilipo? Chipatala chochita bwino chinkalandira ndalama zapadera, zina zogulira zofunika pachipatalapo, zina zogawana ogwira ntchito.

Amayinso sadaiwalidwe. Mayi wochilira kuchipatala ankapatsidwa kangachepe ka ulendo ndi kodyera, kuti athe kukhala maola 48 asanapite kwawo.

Ine ngati namwino ndimaiyamikira njirayi, koma ili ndi mbuna yake. Munthu amalimbikira chomwe akudziwa kuti chiwerengedwa. Jakisoni amalembedwa m'kaundula, koma kulankhula mwaulemu kwa mayi amene akubuula ndi ululu sikulembedwa paliponse. Ndiponso mzamba mmodzi akakhala yekha usiku ndi amayi asanu, ngakhale mumulonjeze ndalama zingati, manja ake ndi awiri basi.

Ntchito ija idatha, choncho musapite kuchipatala mukuyembekeza ndalama. Koma chifukwa chomwe ankakusungirani masiku awiri chikadalipo. Amayi ndi makanda ambiri amene timataya amamwalira m'masiku oyambirira enieniwa, kawirikawiri mayi atataya magazi ambiri. Ndikudziwa kuti kunyumba mwasiya ana, ndipo apongozi akufunsa kuti mubwera liti. Konzekeranitu wokusungirani pakhomo mimba ikadali ya miyezi 8, ndipo musatuluke anamwino asanakuuzeni.

Tsiku lotuluka funsani ngati akuyezani kuthamanga kwa magazi, ngati aona mchombo wa mwana, komanso tsiku lobwerera kusikelo. Mukafika kunyumba n'kuona kuti magazi akutuluka kwambiri, thupi latentha, mutu ukupweteka koopsa, kapena mwana akukana kuyamwa, bwererani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.