Mphindi 90 zikakwana, mpira sunathe

"Nthawi yatha, lifale wagulidwa!" Pa mawu onse amene ochemerera anditukwana nawo pa zaka zanga zoyimbira mpira, awa ndi amene ndatopa nawo kwambiri. Ndawamvanso posachedwapa pa bwalo lina muno mu Mzuzu. Timu ina imatsogola 1-0, bolodi inaonetsa mphindi 4 zoonjezera, chigoli chobweza n'kulowa pa mphindi ya 6. Mnyamata amene amayimbirayo sanalakwe kanthu, koma anachita kumuperekeza potuluka.

Nambala ya pa bolodi ija si lonjezo. Lamulo lachisanu ndi chiwiri m'buku la IFAB, bungwe lolemba malamulo a mpira padziko lonse, limati imeneyo ndi nthawi yochepetsetsa imene iseweredwe. Woyimbira akhoza kuionjezera, koma sangaichepetse. Timawerenga nthawi yotayika posintha osewera, pothandiza ovulala, popereka makadi, pokondwerera chigoli, komanso pozengereza dala. Ndiye ngati m'mphindi 4 zija goloboyi wanu wagona pansi kawiri, machira n'kubwera, iye n'kudzuka bwinobwino, mphindi ziwiri zinazo wazigula yekha. Penate nayo ikaperekedwa pa sekondi yomaliza, imenyedwa basi.

Kulakwa kwenikweni n'kuthetsa mpira msanga. Pa 12 January 2022, Janny Sikazwe wa ku Zambia analiza wenzulo pa mphindi ya 85 pa masewero a Tunisia ndi Mali mumpikisano wa AFCON ku Limbe (wa ku Cameroon, osati wathu wa ku Blantyre). Anayambitsanso mpira, n'kuuthetsanso 90 isanakwane. Uko ndiye kulanda timu mwayi wake. Chaka chomwecho ku Qatar, masewero a England ndi Iran anaonjezeredwa mphindi zoposa 25 m'zigawo zonse ziwiri, ndipo FIFA inachita kulamula kuti nthawi iziwerengedwa choncho.

Chimene chimandiwawa n'choti kudzigwetsa timakutcha nzeru. Munthu wachoka ku Chibavi kapena ku Luwinga, walipira pakhomo pa Mzuzu Stadium kuti aonere Moyale Barracks kapena Hammers, ndipo akufuna mpira mpaka kumapeto. Timu yogonja ikamalimbikira pa mphindi ya 93, sikuti ikuvuta. Yopambana 4-0 ikamafunabe chachisanu, sikuti ikunyoza. Mu ligi, kusiyana kwa zigoli kumatha kupulumutsa timu kapena kuigwetsa. Ine ndimalemekeza wosewera amene amatengera mpira ku mbendera ya pakona n'kuutchinga ndi thupi, chifukwa akuseweradi ndipo mnzake ali ndi ufulu womulanda. Wogwira mwendo wosapweteka ayi.

Kubweza mpira umene anzanu anautulutsa dala kuti wovulala athandizidwe, zimenezo m'buku mulibe. Ndi ulemu chabe, ndipo mukakana ine ndilibe khadi yoti ndikupatseni.

Aphunzitsi, uzani magoloboyi anu kuti kuyambira 2025 akagwira mpira m'manja kupitirira masekondi 8, adani amapatsidwa kona. Woyimbira amakweza dzanja n'kumawerenga asanu omalizawo ndi zala. M'mipikisano ya m'madera mwina ena sanayambe kulitsata bwino, choncho funsani masewero asanayambe. Kaputeni akafunsa mwaulemu kuti kwatsala mphindi zingati, ambiri a ife timayankha, ngakhale palibe lamulo lotikakamiza.